Corolla ija yathamanga, koma mvera mmene zinathera

Mabvuto mwana,

Uli bwanji ku Johannesburg uko? Kuno tilipo chabe, kutentha kwa Okutobala kwatipeza ndipo fumbi ndiye osakamba. Amake Tisa akupatsa moni, ati uwauze alamu kuti zitenje zija zinafika. Lolemba ndinayamba kukujambulira voisi pa WhatsApp koma nditaona kuti yafika maminitsi 14 ndikadali pa nkhani ya Loweruka m'mawa ndinangoifufuta, ndati bola ndilembe uziwerenga uli mu takisi popita kuntchito.

Corolla ija yathamanga iwe. Ee, yomwe ija unkati ndi khola la nkhuku, yomwe inakhala zaka ziwiri pa njerwa kuseri kwa nyumba ku Chilenje. Yathamanga masiku awiri pa mpikisano wa kalabu yathu, pa kabwalo kaja ka pa famu ukatuluka tauni cha kumwera, ndipo ndabwera nayo kunyumba ikuyenda yokha osati pa thilela, ngakhale kuti bampala yakumaso tinaimanga ndi mawaya.

Ukudziwa kale kuti ndalama zanga zonse zinapita ku injini. Ndinachotsa ija inabwera nayo nkuika 4A-GE ya mavalavu 20, ya 1.6, inachoka ku Japan kudzera Dar es Salaam nkulowera pa Nakonde, ndinaidikira miyezi itatu ngati mimba. Kenako ekizozi, kenako klachi yatsopano, kenako ladiyeta yaikulu chifukwa ba Tembo, amene amandithandiza za galimoto, anati mu Okutobala ya fakitale siingapirire. Ndikailiza madzulo ana a mu layini yonse ankabwera kudzakhala pa mpanda, ine mtima mbee kuganiza kuti ndamaliza. Ba Tembo ankangoti "mwana, phokoso silipambana mpikisano" ine nkumaseka. Anandiuzanso chinthu chimene sindinkachiganizira, kuti Lusaka ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, ndiye mpweya ndi wopepuka ndipo injini yopanda tebo imataya mphamvu yopitirira 10 peresenti, mahachi amene a ku Japan analemba m'buku si amene amafika pa tayala kuno. Kwanuko ndiye zinyanya chifukwa muli pamwamba kuposa ife.

Rolokeji, khola la mapaipi lija la mkati lotchinga woyendetsa galimoto ikagubuduka, tinapangira ku Kalingalinga. Mnyamata woyamba amene ndinamupeza anafuna kugwiritsa paipi ya mageti, ati ndi yolimba bwana onani geti iyi yakhala zaka 10. Ba Tembo anangoitenga paipiyo nkundionetsa msoko wake woyenda kuchokera uku mpaka uko, anati galimoto ikagubuduka paipi iyi imang'ambika pamenepa ndipo mutu wako uli pafupi. Tinafuna yopanda msoko, yodula koopsa, ndipo pansi pamene keji imakhala tinaika mapuleti achitsulo kuti miyendo yake isaboole pansi pa galimoto. Vuto linali magetsi. Amabwera 23 awazi nkupita m'mamawa, ndiye kuwotcherera konse kunachitika usiku, ine nditagwira tochi ya foni, udzudzu ukundidya, wowotcherera akundiuza kuti ndiyang'ane kumbali koma ine nkumayang'anabe, m'mawa maso ngati mwathiridwa mchenga. Sabata yathunthu imeneyo. Amake Tisa anafika pofunsa ngati ku Kalingalinga kuli mkazi wina.

Lachisanu ndi tsiku loti akuluakulu a kalabu aione galimoto asanailole kulowa. Ndinapita ndikudzimva, ndinabwera nditafatsa. Batire anaigwedeza ndi dzanja limodzi nkupeza kuti imasuntha, anati kamange ndi chitsulo osati lamba wa chikwama. Switchi yozimitsira magetsi onse inalipo koma ndinaiwala kuika chizindikiro choti wothandiza aione ali panja. Chozimitsira moto chinali bwino. Ndiye mudala wina wa magalasi anagwada nkutembenuza kansalu ka pa malamba a mpando, aja ndinagula kwa mnzathu amene anasiya rally, nkundionetsa chaka cholembedwa pamenepo. Malamba ovomerezeka ndi FIA, bungwe loyang'anira mipikisano ya magalimoto pa dziko lonse, amakhala ndi zaka zisanu basi, ndipo anga chaka chino ndi chomaliza. Anati thamanga lero, koma Januwale usabwere nawo. Sunga nkhani imeneyi chifukwa ndibwereranso.

Loweruka tinalipo magalimoto 11. Ma Corolla atatu, Subaru imodzi yomwe aliyense ankadziwa kuti ipambana, ma RunX, BMW yakale ya mzungu wina wa pa famu, ndi ka Starlet koyera ka mayi wina amene amabwera ndi mwana wake ngati makaniko. Ka Starlet kameneko injini ndi ya fakitale, 1.3, sikalira nkomwe, ndinakayang'ana nkumva chisoni. M'mawa anatisonkhanitsa pansi pa mtengo kutikumbutsa za mbendera, yachikasu ndiye kuti kutsogolo kuli ngozi chepetsa liwiro ndipo usapitirire mnzako, yofiira mpikisano waima, yabuluu kumbuyo kwako kuli wothamanga kukuposa mpatse njira, ya mizere yofiira ndi yachikasu ndiye pansi pali poterera mwina oyilo. Ine ndinkamva ndi khutu limodzi, maganizo ali pa kamsewu kowongoka kaja komwe ndinkadziwa kuti injini yanga iwaonetsa.

Ndipo inawaonetsadi. Pothamanga koyesa nthawi kuti tidziwe poyambira ndinakhala wachinayi. Mpikisano woyamba unali wozungulira ka 10, mbendera itagwa ndinadutsa RunX imodzi tisanafike pa kona yoyamba, injini ikukuwa mpaka kupitirira 7,000, mkati motentha ngati uvuni chifukwa makapeti onse ndinachotsa ndipo ekizozi imadutsa pansi pa phazi. Sindingakufotokozere bwino mwana, mantha ndi chimwemwe zimasakanikirana, m'kamwa mouma, ukupuma ngati galu mkati mwa helimeti. Kumapeto kwa kamsewu kowongoka kuli kona yopinda ngati chigongono, umachoka pa giya 4 kubwera pa 2. Kuzungulira koyamba bwino, kachiwiri bwino, kachinayi ndinamva ngati pedulo ya buleki yatalika pang'ono koma ndinati ndi phazi langa latopa. Kachisanu ndinaponda, pedulo inangopita pansi fwaa ngati ndaponda papaya lakupsa. Palibe chogwira. Ndinapompa kawiri, kachitatu inagwira pang'ono koma kona inali itandipitirira kale, ndinalowa m'matayala otchingira aja nkutulukira mu udzu nkukaima pa chulu. Fumbi litachepa chinthu choyamba kuona chinali mbendera yachikasu ikugwedezeka chifukwa cha ine, chachiwiri ka Starlet koyera kakudutsa phee, mayi uja manja onse pa sitelingi osandiyang'ana nkomwe.

Atandikoka kubwera kumene timaimika, ba Tembo sanandifunse ngati ndavulala. Anatsegula boneti, anatsegula kabotolo ka mafuta a buleki, anaviika chala nkundionetsa. Akuda bii ngati tiyi wogonera. Anafunsa kuti unawasintha liti. Ndinakhala chete, chifukwa chilungamo chake sindinawasinthepo, ndi omwe aja galimoto inabwera nawo, ndinkangowonjezera akachepa. Ndiye anandikhazika pa tayala nkundiphunzitsa ngati mwana wa giredi 1 anthu akumva. Mafuta a buleki amamwa chinyezi cha mumpweya chaka ndi chaka. A mtundu wa DOT 4 akakhala atsopano sawira mpaka madigiri 230, koma akamwa madzi amatha kuwira pa 155 chabe. Mu tauni kuchoka Chilenje kupita Kamwala sudzafika pamenepo ngakhale pa trafiki ya pa Kafue roundabout, koma pa bwalo ukuponda mwamphamvu masekondi angapo aliwonse, madisiki amatentha, kutenthako kumalowa mu kalipa, mafuta amawira nkupanga nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika pomwe mafuta safinyika, ndiye phazi lako limangofinya mpweya. Anati ukaponda pedulo nkukhala yolimba koma galimoto osaima, amenewo ndi mapadi apsa. Ikapita pansi yofewa, ndi mafuta awira. Zanga zinali zonse ziwiri pang'ono chifukwa mapadi nawonso anali otchipa aja a mu tauni, atasalala ngati galasi.

Chimene chikundiwawa mpaka lero nchoti botolo la mafuta amenewo mtengo wake sufika ngakhale pa kreti ya Mosi. Ine ndinagula injini yodutsa nyanja nkulephera kugula botolo. Mwana wa mayi wa Starlet anabwera kudzaona, kamnyamata ka zaka mwina 17, nkunena mwaulemu kuti iwo amasintha mafuta a buleki mpikisano uliwonse usanayambe, ndipo injini sanaitsegulepo. Ndinafuna kulowa pansi.

Ndinkafuna kungopakira nkupita koma ba Tembo anakana. Chulu chija chinapinda tayirodi yakumanzere, kachitsulo kolumikiza sitelingi ndi tayala, tayala likuyang'ana ku Chongwe linzake ku Kafue. Tinaimbira mnyamata wina wa ku Chawama amene amaphwasula ma Corolla, anabwera nayo pa njinga yamoto cha m'ma 19 awazi. Mapadi abwino anandibwereka mwini BMW, ati anali a Corolla ya mkazi wake, ndipo anakana ndalama, anati udzabweze ukagula ako. Izi ndi zimene ndakonda pa anthu awa, masana mukulimbana pa kona, usiku akukubwereka sipana.

Kuchotsa mpweya m'mabuleki kunachitika kunyumba, ndipo wopompa anali Tisa. Miyendo yake siifika bwino ndiye tinamuikira pilo kumsana. Ine pansi pa galimoto ndi sipana ya 8 ndi kapaipi kolowa m'botolo la Fanta, ba Tembo pa boneti kuthira mafuta kuti kabotolo kasaume, kuyambira tayala lakutali ndi pedulo kumabwera pafupi. Ndikakuwa "pompa, pompa, pompa, gwira!" iye nkuyankha "ndagwira adadi!" ndi mawu aakulu ngati msilikali, ine nkutsegula kanati, mafuta akuda nkutuluka ndi tithovu, nkutseka, nkuyambanso. Mpaka anayamba kutuluka oyera ngati mafuta ophikira. Pa tayala lachitatu anayamba kusinza phazi lili pa pedulo. Kuwongola matayala tinachita ndi ulusi womangira nyumba, kuukoka mbali zonse ziwiri nkumayeza ndi tepi kutsogolo ndi kumbuyo kwa limu mpaka manambala agwirizane. Tinagona 02.

Lamlungu ndinapita ndili munthu wina. Mapadi atsopano sungangolowa nawo, ndinayamba ndawatenthetsa pa msewu wa famu, kuthamanga nkuponda, kuthamanga nkuponda kangapo osaima kwenikweni, kenako kuyenda pang'onopang'ono kuti azizire. Manati a matayala ba Tembo anamanga ndi sipana yoyezera, osati kudumphira pa wilo sipana ngati mmene timachitira. Mpweya wa m'matayala anauchepetsa pang'ono m'mawa chifukwa ati tayala likatentha mpweya umakwera wokha, ndipo ndikangotuluka m'bwalo ankathamanga ndi geji kukayeza asanazizire nkulemba m'kabuku kake ka sukulu. Anandiletsanso kukoka handibuleki ndikaima, ati mapadi otentha amamatira pa chitsulo, ingoika mwala.

Tinatsala 9. Ndinayambira kumbuyo kwenikweni chifukwa cha dzulo lake, ndipo kuzungulira kuwiri koyamba ndinkaponda buleki msanga kwambiri pa chigongono paja, phazi silinkakhulupirira. Kenako ndinayamba kutsatira ka Starlet nkumaona mmene mayi uja amachitira. Salimbana nayo galimoto. Amaponda kamodzi, amalowa kona mochedwa, amatuluka ali kale pa mafuta, pomwe ine ndimalowa ngati ndikuthawa ngongole nkutuluka matayala akulira. Pa kamsewu kowongoka ndinkamupeza, pa makona ankandisiya. Ndinamudutsa kuzungulira kwa 8 ndipo ndinamaliza wachisanu, iye wachisanu nchimodzi, bampala yake ili pa msana panga mpaka pa mbendera. Subaru inapambana monga tinkadziwira. Palibe kapu, anangotipatsa soseji ndi chakumwa chozizira, koma ndinasangalala kuposa tsiku la ukwati, usawauze amake Tisa.

Pobwerera ndinakumbuka tili ana bambo ako atatitenga kukaonera rally, tikudikira maola awiri padzuwa kuti tione Satwant Singh adutse masekondi atatu nkutisiya oyera ndi fumbi. Munthu uja anatenga ukatswiri wa Africa ka 8 iwe. Kenako Muna Singh, ndipo mu 2022 Leroy Gomes anautenganso mkazi wake Urshlla akumuwerengera njira. Dziko lathu ndi la rally, za bwalo lozungulira tili ochepa ndipo tikungodzipangira tokha. Nchifukwa chake ndimakuchitira nsanje kuti uli pafupi ndi mabwalo a Zwartkops ndi Kyalami, ku Kyalami komwe Formula 1 inathamanga komaliza mu 1993, koma iwe Loweruka umangogona. Anyamata akukamba zoti chaka chamawa tikokere magalimoto awiri ku bwalo la Donnybrook ku Harare kudzera pa Chirundu, ine ndati tione kaye thumba ndi mapepala a pa boda.

Manje nkhani ya malamba ija. Kuno kupeza atsopano nkovuta ndipo akapezeka mtengo wake umaseka wekha. Ndifunire kumeneko omangirira malo 6, ndipo usanalipire utembenuze kansalu uone chaka, asakugulitse otsala ndi chaka chimodzi. Uwonjezerepo mapadi a mpikisano akutsogolo a Corolla, ndikutumizira chithunzi cha akale ndi nambala yake, komanso mabotolo awiri a mafuta a buleki aja olembedwa kuti sawira msanga. Ukapeza munthu wobwera pa basi unene tsiku ndikadikire pa Intercity, ukalephera ubwere nazo wekha pa Khisimasi. Ndalama ndikutumizira mwezi ukatha, theka lokha kaye chifukwa ndiyenera kubweza mapadi a eni ake ndi kugula bampala.

Tisa akuti uwauze ankolo kuti iye ndi makaniko tsopano ndipo akufuna ovolosi yofiira, saizi ya zaka 9.

Ndine mnzako,
Chiko