Lipoti la msonkhano wa osunga zithunzi zakale ku Zomba

A Tcheyamani ndi mamembala nonse a gulu lathu la mbiri kuno ku Mangochi, zikomo ponditumako. M'mawa wa tsiku loyamba unathera pa malonje ndi malamulo a umwini wa zithunzi, mapepala ake ndabwera nawo. Malisiti a thiransipoti ndi malo ogona ali kwa a msungichuma.

Phunziro limene linandikhudza ndi la kuzindikira zaka za chithunzi chopanda deti. Yambani ndi dzina lolembedwa kumbuyo. Fort Johnston, Port Herald ndi Fort Hill ndi maina akale a Mangochi, Nsanje ndi Chitipa. Mitengo ya katundu pasitolo ikakhala m'mapaundi ndi masheleni, chithunzicho nchakale kuposa kwacha, yomwe inayamba mu 1971. Mbendera ya dzuwa lofiira inayamba mu 1964, pomwe ya dzuwa loyera lathunthu inauluka kuyambira 2010 kufika 2012 basi. Ife a kunyanja tili ndi chizindikiro chathunso: sitima ya Vipya inamira mu Julaye 1946, anthu 145 n'kufa, choncho chithunzi chilichonse choionetsa ikuyandama sichingapyole chaka chimenecho.

Za kasungidwe anatsindika kwambiri. Kumbuyo kwa chithunzi lembani ndi pensulo yofewa ya 2B, chifukwa inki imalowerera mpaka kumaso. Selotepu ndi guluu zimasiya banga lachikasu losachoka. Chinyezi chikapyola 65 peresenti nkhungu imamera, ndiye mabokosi asagunde pansi kapena khoma, kumene chiswe chimadzeranso. Manegetivu akamanunkha ngati viniga ndiye kuti ayamba kuonongeka, apatuleni msanga asayambukire anzawo. Pojambula ndi sikana gwiritsani 600 dpi (timadontho 600 pa inchi iliyonse), fayilo ya zithunzi ya mtundu wa TIFF, ndipo musunge malo atatu osiyana. Pachionetsero tikhome makope okha, zenizenizo kuwala kumazifufutitsa.

Apa ndiyenera kunena poyera. Kulamineta kumene tinachita chaka chatha kunali kulakwitsa, ena tinakana koma sitinamvedwe. Pulasitikiyo imamatirira ndi kutentha ndipo siichoka popanda kusenda chithunzi. Komanso zithunzi zapadoko zomwe zinabwerekedwa popanda kulemba m'kaundula mpaka lero sizinabwere. Amene ali nazo abweze.

Msonkhano wa ku Zomba uja unagwirizana kuti magulu ayambe agula makabati achitsulo. Ine sindikugwirizana nazo, makamaka kwa ife. Tinaona zithunzi za nthawi ya atsamunda ku National Archives, nyumba ya boma yosungira zolembedwa zakale, yomwe inakhazikitsidwa mu 1947, ndipo pa zambiri dzina lolembedwa ndi la mzungu yekha. Amtengatenga, asilikali ndi ogwira ntchito m'sitima angoima opanda maina. Kabati ikhoza kudikira, koma agogo amene angaloze nkhope n'kunena kuti uyu ndi mwana wa uje wa kwa Mponda akutha chaka ndi chaka. Ndalama ya kabatiyo tisindikizire makope akuluakulu, tiwatengere kumisikiti, kumatchalitchi ndi kumabwalo a mafumu. Pachithunzi chilichonse tilembe dzina, mudzi, amene watiuza ndi tsiku limene wanena, ndipo dzina lisalowe m'kaundula mpaka anthu awiri atalitchula payekhapayekha. Mawu ofotokozera akhale m'Chiyao ndi m'Chichewa, Chingerezi chibwere pansi.

Ndikupempha kuti nkhani ya kabatiyi tiivotere pamsonkhano wathu ukubwerawu, mvula isanayambe.