Mwana adziwe poimira pa mtengo wa ma factor

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi aphunzitsi a masamu a ku pulayimale ndi makolo othandiza ana ntchito ya kunyumba, pa nkhani ya mtengo wa ma factor, uja timaphwanyira nambala mpaka titatsala ndi ma prime number okhaokha (manambala oposa 1 amene amagawika ndi 1 ndi iwo eni basi).

Aphunzitsi ena amaumiriza ana kuti nthawi zonse ayambe kugawa ndi 2, ndipo amene wayamba mwanjira ina amamuchonga kuti walakwa. Kumeneku ndi kumulakwira mwana. Tengani 72. Wina alemba 2 × 36, kenako aphwanya 36 kukhala 2 × 18, 18 kukhala 2 × 9, ndi 9 kukhala 3 × 3. Mnzake wodziwa bwino kuchulukitsa ayamba ndi 8 × 9, aphwanya 8 kukhala 2 × 4, 4 kukhala 2 × 2, ndi 9 kukhala 3 × 3. Onse awiri athera pa 2 × 2 × 2 × 3 × 3. Sizinangochitika mwangozi ayi. Nambala iliyonse yoposa 1 imaphwanyika m'gulu limodzi lokha la ma prime, kaya mwayambira pati. Maziko a mfundoyi anayala ndi katswiri wa masamu Euclid zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe, ndipo katswiri wina, Gauss, anaitsimikiza mokwanira mu 1801. Jambulani mitengo iwiriyi moyandikana pa bolodi, ana adzionere okha.

Pofunika kutaya nthawi yambiri ndi kunsonga kwa nthambi. Ana ambiri amaganiza kuti nambala ikakana kugawika ndi 2 ndiye kuti ndi prime, choncho amaima pa 9 kapena 15. Zopusitsa kwambiri ndi 51, 57, 87 ndi 91, zomwe ngakhale akuluakulu zimawakola: 51 ndi 3 × 17, 57 ndi 3 × 19, 87 ndi 3 × 29, pomwe 91 ndi 7 × 13. Nambala yosapitirira 100 muiyese ndi 2, 3, 5 ndi 7 basi. Ikakana zonsezi ndi prime, chifukwa prime yotsatira ndi 11, ndipo 11 × 11 ndi 121 kale. Poyesa 3, mwana awonkhetse madijiti: pa 57, 5 ndi 7 zipereka 12, yomwe imagawika ndi 3. Pa 7 angogawa ndithu. Prime ikapezeka aizungulize ndi pensulo, kusonyeza kuti nthambiyo yatha.

Wolemba 6 ndi 6 pansi pa 12 akuwonkhetsa m'malo mochulukitsa. Wolemba 1 × 7 pansi pa 7 wayamba nthambi yosatha, ndipo 1 si prime. Wina amasiya manambala obwerezeka n'kulemba kuti 72 ndi 2 × 3. Cholakwa choyamba ndi chomalizachi zimaululika mwana akazolowera kuchulukitsa manambala onse ozungulizidwa aja kuti aone ngati abwerera pa nambala yoyamba.

Chonde musasiye phunziroli pa kujambula pokha. Ikani 60, yomwe ndi 2 × 2 × 3 × 5, pambali pa 72. Zopezeka mbali zonse ziwiri ndi 2 × 2 × 3, ndiye kuti HCF, nambala yaikulu kwambiri yogawa manambala onse awiri, ndi 12. Chulukitsani 12 ndi zotsala, 5 kuchokera ku 60 ndi 2 × 3 kuchokera ku 72, mupeza 360, yomwe ndi LCM, nambala yaing'ono kwambiri yogawika ndi manambala onse awiri. Zotsala zomwezo ndi zimene zimaonetsa kuti 60/72 ikachepetsedwa ndi 5/6.

Mphunzitsi wa masamu