Lipoti la msonkhano wa ku Lilongwe: ma driver a disiki zakale

A Wapampando, a komiti ndi anzanga nonse okonza makompyuta kuno ku Mzuzu,

Zikomo ponditumiza ku msonkhano wa ogwiritsa ntchito Linux ku Lilongwe. Malisiti a ulendo ndapereka kale kwa asungichuma. Zokambidwa zinali zambiri, koma ine ndinakhazikika pa gawo lokhudza makina omwe timasamalira m'masukulu a ku Katoto, Luwinga mpaka Ekwendeni, aja okhala ndi disiki za lamba wotakata wa mapini 40, za IDE kapena kuti PATA.

Choyamba, code yakale ya IDE inachotsedwa mu Linux 5.14 m'chaka cha 2021. Disiki zimenezi tsopano zimayendetsedwa ndi libata, gawo la Linux lomwe linayamba kunyamula ma driver (mapulogalamu oyendetsa zida) a PATA mu 2006. N'chifukwa chake disiki yomwe tinkaidziwa kuti hda lero imatchedwa sda, ndipo kompyuta yomwe fstab yake (fayilo yondandalika disiki zoti zitsegulidwe poyatsa) idakali ndi dzina lakale imakana kudzuka bwino mukaikweza ku Linux yatsopano. Mankhwala ake ndi kulemba UUID, nambala yapadera yozindikiritsa gawo la disiki, m'malo mwa dzina. Izi tinazidutsa msanga.

Pomwe tinakhalitsa ndi pa kusamutsa data. Pali njira ziwiri: PIO, pomwe purosesa imanyamula yokha chilichonse, ndi DMA, pomwe chipu cha pa bolodi chimatenga data ku disiki n'kukaiika mu memory osavutitsa purosesa. Kuti DMA iyende, driver amalembera chipucho tebulo lotchedwa PRD, losonyeza malo mu memory ndi kukula kwa chigawo chilichonse. Chigawo sichiloledwa kudumpha malire a 64KB, ndipo lamulo limati nambala 0 pa kukula ikutanthauza 64KB yathunthu. Koma chipu cha CS5530 sichimva lamulo limeneli, motero libata ili ndi njira yapadera yodula chigawocho pawiri, 32KB uku 32KB uku. Otsogolera gawolo anatikumbutsanso za zipu za RZ1000 ndi CMD640 za m'ma 1990, zomwe zinkawononga data mwakachetechete. Driver wa RZ1000 amazimitsa kuwerengeratu kwa chipucho kuti fayilo isaonongeke.

Apa m'pamene mtima wanga unagunda, anzanga. Disiki yofa imadziwika, timaisintha. Koma fayilo ya magiredi a ana yomwe yasintha nambala imodzi popanda uthenga uliwonse, mphunzitsi adzaidindira n'kuipereka kwa makolo. Ultra DMA (UDMA), mtundu watsopanopo wa DMA, ili ndi njira yofufuzira data yotchedwa CRC yomwe imagwira zolakwika za pa chingwe; PIO ndi DMA yakale zilibe. Ndipo liwiro lopitirira UDMA/33 limafuna lamba wa mawaya 80, osati wa 40, ngakhale mapini ndi ofanana. Tikaona mu dmesg (lamulo loonetsa mauthenga a kernel, phata la Linux) kuti kernel yatsitsa liwiro chifukwa cha chingwe, tisaikakamize ndi libata.force kuti ithamange. Ine ndikuti bola kompyuta yochedwa koma yosunga zoona. Komanso tisathamangire kutaya disiki: nambala 199 mu SMART (lipoti la disiki la thanzi lake), yowerenga zolakwika za CRC, ikamakwera, nthawi zambiri wolakwa ndi lamba, ndipo malamba opindikapindika, ochita dzimbiri ndi chinyezi cha kwathu kuno, tili nawo ochuluka.

Panabuka mtsutso pa kulongosola code. Achinyamata ena ankafuna kuti ma driver akalewa asesedwe kamodzi n'kamodzi: ntchito zofanana ziikidwe pamodzi, mayina asinthidwe, zosagwiritsidwa ntchito zichoke. Bambo wina wachikulire anakana njirayo. Anati chigamba (patch, zosintha pa code) chokonza vuto chikhale pachokha, chosesa chikhalenso pachokha, chilichonse ndi kufotokoza kwake, kuti zinthu zikasokonekera git bisect, chida chosakira chigamba chomwe chabweretsa vuto, iloze chigamba chenicheni, ndiponso chokonzacho chithe kubwezeredwa ku kernel zakale popanda katundu wina. Anachenjezanso kuti mzere wooneka wopanda ntchito, monga kudikira pang'ono musanawerenge status (momwe disiki ilili), mwina ndi womwe ukuteteza chipu china chamakani. Ndinagwirizana nawo kwathunthu. Kusesa n'kofunika ndithu, pakuti code yobwerezedwa m'mafayilo ambiri imakonzedwa pena n'kuiwalika kwina, koma wosesayo asachotse chomwe sangathe kuyesa.

Nkhani yaikulu kwa ife ili pamenepa. Ambiri olemba zigambazi makina akalewa alibenso. Amangoona kuti code yamangika, basi. Ife tili nawo, akugwira ntchito tsiku ndi tsiku, ena ali mulu kusitolo yathu. Driver yemwe palibe womuyesa amafika potchedwa wopanda mwini, kenako amachotsedwa, ndipo ovutika adzakhala ana athu a sukulu. Sitifunika kukhala akatswiri a C, chinenero cholembera kernel, kuti tithandize. Chofunika ndi kuika kernel yatsopano, kukopera fayilo yaikulu, kufananiza ndi sha256sum ngati yokoperayo ikufanana ndi yoyamba, kenako kutumiza kwa osamalira libata zotuluka mu lspci (loonetsa zipu za m'makina) ndi dmesg, kaya zayenda kaya zakanika.

Ndikupempha kuti pa msonkhano wathu wotsatira tigwirizane zopatula makompyuta angapo oyesera, a zipu zosiyanasiyana, opanda data ya sukulu iliyonse, ndipo akhale pa UPS (batire losungira magetsi) kuti kuzima kwa magetsi kusatinamize zotsatira. Tisankhenso munthu mmodzi wolemba kaundula wa chipu chili m'makina aliwonse. Amene muli ndi malamba a mawaya 80 kunyumba, chonde mubwere nawo, tiyambira pamenepo.