Tindege ta mphira: sikelo ndi bokosi limodzi la mphira ziteteze ongoyamba kumene

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi anzathu amene akusonkhanitsa achinyamata m'maholo a matchalitchi ndi masukulu kuno ku Harare, monga ku Mbare, Highfield ndi Mufakose, kuti azipikisana pa tindege touluka ndi mphira. Pa masewerawa wopambana ndi amene kandege kake kakhalitsa m'malere. Koma malamulo akakhala olekerera, mphoto zimangopita kwa a thumba lonona ndi akatakwe, ndipo mwana amene wabwera koyamba sabweranso. Kugawa anthu potengera zaka zobadwa sikuthetsa vutoli. Chofunika ndi sikelo patebulo komanso mphira yochokera m'bokosi limodzi.

Kandege kopepuka kamauluka pang'onopang'ono ndipo sikadya mphamvu yambiri ya mphira. Katswiri amene ali ndi balsa (mtengo wopepuka kwambiri wopangira tindegeti) yosankha akhoza kupanga kolemera galamu imodzi ndi theka, pamene wophunzira, ndi balsa ya m'shopu ndi guluu wochuluka, amafika magalamu 4 kapena 5. Awiriwa sangapikisane. N'chifukwa chake bungwe la FAI, loona za masewera a ndege padziko lonse, linakhazikitsa gulu la mpikisano lotchedwa F1M: mapiko osapitirira masentimita 46, kandege kosachepera magalamu 3, mphira yosapitirira magalamu 1.5. Ku America kuli gulu lotchedwa Limited Pennyplane, komwe kandege sikayenera kuchepera magalamu 3.1. Kwa ife kuno, komwe balsa yabwino imachita kuitanitsidwa kunja, ndingakonde malirewo akhale magalamu 5 m'chaka choyamba. Kopepuka kamatidwe dongo pansi pa phiko, pamene kandege kamakhazikika mukakanyamula ndi zala ziwiri, mpaka kakwane. Sikelo yake ikhale yowerenga mpaka 0.01 ya galamu, ngati ija amagwiritsa ntchito ogula golide, chifukwa ya kukhitchini siiona n'komwe kusiyana kumeneku.

Nkhani yaikulu ili pa mphira. Ngakhale mphira ya mtundu umodzi, monga Tan Super Sport, imasiyana mphamvu malinga ndi nthawi imene inapangidwa, ndipo akatswiri amasunga yabwinoyo kwa zaka zambiri. Mwana wobwera ndi malabala omangira ndalama wagonja asanaponye. Choncho komiti igule bokosi limodzi, idule yokha mphira ya mamilimita 2.4 m'lifupi, ndi kupatsa aliyense zidutswa zitatu zolemera mofanana. Makina ong'ambira mphira amene ali nawo ndi ochepa, ndiye m'gulu la ophunzira asaloledwe. Mafuta opaka akhalenso patebulo la onse, kaya silicone kaya glycerine wosakaniza ndi sopo wamadzi. Mphira youma imadzicheka yokha ikapotedwa kwambiri, imaduka n'kung'amba phiko. Mafuta a galimoto ndi Vaseline ayi, amaiwoletsa. Bokosilo lisakhale padzuwa kapena m'galimoto yotseka, makamaka m'kutentha kwa Okotobala.

Ophunzira asonyezedwe kapotedwe mpikisano usanayambe. Mphira imapotedwa ili kunja kwa kandege: ikoleni pa mbedza, itamuleni kanayi kapena kasanu kutalika kwake, potani theka la mapindi muli chiimire, kenako muziyandikira pang'onopang'ono mukupotabe. Mukamaliza bwezani mapindi angapo. Mphamvu yoyambirira ndi yaukali, ndipo m'holo ya denga lalifupi imakankha kandege n'kukakakoleka m'mitanda. Chinsinsi chimenechi akatswiri ena amachibisa, zomwe si zabwino. Dziwaninso kuti Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, mpweya wake ndi wopepuka, kotero manambala a mapindi olembedwa pa mapulani ochokera kunja musawatenge ngati lamulo. Perekani ola lathunthu loyeserera.

Zipangizo zodula zitsalire magulu a pamwamba. Pulopela yosintha yokha kapendekedwe ikuuluka, ulusi wa carbon ndi boron, zonsezi n'za F1D, gulu la akatswiri, kumene kandege ka magalamu 1.4 kamatha mphindi zoposa 20 m'malere pa mphira ya magalamu 0.4 okha. Kwa ophunzira, balsa, pulopela wamba ndi pepala lopyapyala kapena kajumbo koikamo ndiwo zamasamba zakwana.

Holo nayo imakondera. Chitseko chikatseguka kandege kali m'mwamba, kamphepo kamakakankhira kukhoma. Tsekani zitseko ndi mawindo, zimitsani mafani, owonerera akhale pansi m'mbali, ndipo wofuna kuyenda aziyenda mwapang'onopang'ono. Malata akatentha masana mpweya wam'kati umasintha, ndiye ndondomeko ya oponya ichite kuchitidwa maere pa ulendo uliwonse. Osunga nthawi akhale awiri, osakhala achibale a woponyayo. Wotchi iyambe kandege kakachoka m'manja, iime kakatera. Kakakodwa pamtanda, dikirani masekondi 10. Kakapanda kumasuka, chotsani masekondi 10 omwewo. Ku F1D munthu amaponya kasanu ndi kamodzi n'kuphatikiza maulendo awiri abwino, ndipo njira imeneyi ndi yokomera wophunzira, chifukwa mphira ikamudukira kamodzi tsiku silinamuthere.

Chovuta kunena, koma tinene: ana ena amabwera ndi tindege topangidwa ndi abambo awo kapena amalume. Kulangiza n'kololedwa, koma pabwalo mwana azipota yekha mphira, azisuntha yekha phiko kandege kakamaweramira pansi kapena kudzutsa mphuno, wamkulu manja ali kumbuyo. Ndipo amene wapambana kawiri m'gulu la ophunzira akwezedwe, dzina lake lilembedwe m'kaundula wa komiti kuti asadzabwererenso m'gululo chaka chamawa.

Ine wanu,
Mlangizi wa achinyamata opanga tindege,
Highfield, Harare