Kalata kwa makolo potsekera teremu: mabotolo awiri ndi mbande za ana

Okondedwa makolo ndi onse olera ana athu,

Landirani moni wanga. Teremu yatha, ndipo malipoti a ana akubwera limodzi ndi kalata ino. Amene muli ndi mafunso pa zotsatira za mwana wanu mundipeza ku ofesi sabata yoyamba ya tchuthi. Ndikuthokoza makolo amene munkabwera ku misonkhano mokhulupirika, komanso aphunzitsi amene agwira ntchito mosatopa. Malo otsala a kalatayi ndikufuna kuwathera pa nkhani imodzi, chifukwa ana anu akubwera nayo kunyumba, ndipo ndikupempha kuti akayamba kuikamba musaitenge ngati phokoso la ana chabe.

Teremu ino aphunzitsi a sayansi anagwirizana kuti nkhani ya kusintha kwa nyengo isangokhala mutu woloweza pokonzekera mayeso. Tsiku lina dzuwa likuswa mtengo anatulutsa ana a Sitandade 7 panja atanyamula mabotolo awiri ofanana. M'botolo limodzi munali mpweya wamba. M'linzakelo anadzazamo mpweya wa carbon dioxide umene anaupanga posakaniza viniga ndi soda. Analowetsa choyezera kutentha m'botolo lililonse, n'kutseka, n'kuwaimika padzuwa. Ine ndinali pomwepo. Ana anagwada mozungulira mitu itagundana, wina akuwerenga manambala mokweza, mnzake akulemba m'kope. Patapita kanthawi botolo la carbon dioxide linayamba kutsogola. Mtsikana wina amene kawirikawiri satsegula pakamwa m'kalasi anadzutsa mutu n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, ndiye kuti dziko lonseli lili m'botolo?"

Funso limenelo linandikhala mumtima masiku angapo, chifukwa mwanayo anali atagwira pamene pagona nkhani. Kuwala kwa dzuwa kumadutsa mumlengalenga n'kutenthetsa nthaka ndi nyanja. Kutenthako kukamabwerera kumwamba, carbon dioxide ndi mipweya ina monga methane imagwirako gawo lina. Pakanapanda mipweya imeneyi dziko likanazizira koopsa, choncho vuto ndi kuchuluka kwake. Zimenezi si zachilendo kwa akatswiri. Mu 1856 mayi wina wa ku America, Eunice Foote, anachita zofanana ndi za ana athuzi pogwiritsa ntchito zotengera zagalasi, ndipo anapeza kuti chimene munali carbon dioxide chinatentha kwambiri n'kuchedwanso kuzizira.

Mafakitale asanafalikire, pa tizigawo 1 miliyoni ta mpweya wa mumlengalenga, pafupifupi 280 tinali ta carbon dioxide. Pamene Charles Keeling anayamba kuyeza mpweyawu pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii mu 1958, unali utafika cha pa 315. Lero wadutsa 420. Chaka cha 2024 ndicho chinatentha kuposa zaka zonse kuyambira pamene anthu anayamba kusunga kaundula wa kutentha kwa dziko, ndipo chinafika cha pa madigiri 1.5 pamwamba pa mmene zinalili mafakitale asanachuluke. Amenewo ndi malire omwe mayiko analonjeza kuti ayesetsa kusadutsa pa mgwirizano wa ku Paris mu 2015. Digiri imodzi ndi theka imamveka yochepa, koma mpweya wotentha umanyamula chinyezi chambiri, ndipo umaumitsanso nthaka msanga. N'chifukwa chake dera lomwelo limatha kuona chilala chaka chino, chaka chamawa n'kuona mvula yokokolola milatho.

Ana aphunziranso komwe mpweya wowonjezerawu ukuchokera. Malasha, mafuta ndi gasi ndi zotsalira za zomera ndi tizamoyo ta m'nyanja zomwe zinakwiririka pansi zaka mamiliyoni ambiri zapitazo. Anthu akuziwotcha m'zaka mazana awiri okha, ndipo mpaka pano pafupifupi 80 pa 100 ya mphamvu zimene dziko lonse limagwiritsa ntchito zimachokera kumeneko. Chitsime cha mafuta chikauma sichidzazanso m'nthawi ya moyo wa munthu kapena wa zidzukulu zake, pomwe gawo lina la mpweya wotuluka powotchapo limakhala mumlengalenga zaka mazanamazana. Palinso anthu oposa 2 biliyoni padziko lapansi amene amaphikira nkhuni, makala ndi zina zofuka utsi. Nkhalango zimatha, komanso utsiwo umawononga mapapo a ophika ndi a makanda amene amakhala nawo pafupi.

Tsopano ndinene zimene zikundidetsa nkhawa. Mnyamata wina anabwera ku ofesi yanga nkhope ili yakugwa, n'kundiuza kuti atafotokoza zimenezi kunyumba anamuyankha kuti ndi nkhani za anthu olemera, iye azingolimbikira masamu. Amene anayankha choncho sanalakwe zonse. N'zoona kuti mpweya wambiri umene uli mumlengalenga unatuluka m'mayiko a mafakitale akuluakulu, ndipo amene akuvutika kwambiri ndi anthu amene anatulutsa wochepa. Ana timawauza zimenezi mosabisa. Sitiwanamizanso kuti kuzimitsa babu limodzi kuletsa madzi oundana a ku Greenland, chilumba chozizira cha kumpoto kwa dziko, kusungunuka. Koma mwana wa zaka 12 lero adzakhala ndi zaka 40 m'dziko lotentha kuposa ili. Ena adzalima, ena adzamanga nyumba ndi misewu, ena adzaika magetsi a dzuwa pamadenga, ena adzakhala pa mipando yopanga malamulo. Amene akumvetsa chifukwa chake mvula yasintha amadziwa kufunsa za ulosi wa nyengo asanabzale, ndipo amaganiza kawiri asanamange m'chigwa cha mtsinje. Mwana akabwera ndi nkhani yotere n'kuuzidwa kuti akhale chete, chimene chimatsala mwa iye ndi mantha okha, ndipo zimenezo zimandipweteka.

Choncho ndili ndi mapempho awiri. Loyamba ndi losavuta. Tsiku lina madzulo muuzeni mwana wanu kuti akufotokozereni za mabotolo aja, ndipo mumufunse mafunso ovuta. Akalephera kuyankha, alembe funsolo abwere nalo.

Lachiwiri likufuna manja anu. Mwana aliyense wa Sitandade 5 mpaka 8 watenga mbande imodzi ya mtengo ku nazale ya sukulu. Ndivomere kuti chaka chatha tinalakwitsa. Tinabzala mitengo yambiri tsiku limodzi, tinaimba ndi kuomba m'manja, koma pa tchuthi panalibe woithirira, ndipo potsegulira tinapeza timitengo touma tili ndondondo m'mizere. Mlandu umenewo ndi wanga chifukwa sindinakonze za osamalira. Gulu la Green Belt Movement limene Wangari Maathai anayambitsa ku Kenya mu 1977 linkapereka kangachepe kwa amayi pa mitengo imene yapulumuka n'kukula, ndipo ife tatengerapo phunziro. Teremu yamawa tidzawerenga mitengo yamoyo yokha.

Thandizani mwana kusankha malo, akumbe dzenje lokwanira, atchingire mbandeyo kuti ziweto zisaidye, ndipo azithirira ngakhale ndi madzi otsukira mbale opanda sopo wambiri. Sabata iliyonse ayeze kutalika kwake ndi chingwe n'kulemba m'kope, pamodzi ndi masiku amene kwagwa mvula. Mbande ikauma musamukalipire kapena kumugulira ina mobisa. Alembe tsiku limene yauma ndi chimene akuganiza kuti chaipha, chifukwa zimenezonso tidzaziphunzira m'kalasi.

Tsiku lotsegulira sukulu lalembedwa kumapeto kwa lipoti la mwana aliyense. Pa tsikulo abwere ndi kope lija.

Ndine wanu pa ntchito yolera ana athu,

Mphunzitsi Wamkulu