Chilengezo: Ulendo wokaphunzira kuyendetsa pa bwalo la mpikisano

Anzanga a m'gulu lathu kuno ku Salima, Loweruka lino tikumana ku Senga Bay 2 koloko masana. Nkhani ndi ija ya ulendo wa ku South Africa.

Ndinene mosabisa, msewu wa M5 si woyeserapo liwiro. Sabata yatha ndidaona mwana akuthamangitsa mbuzi pakati pa msewu, pafupi ndi Khombedza, kabaza atasenza matumba a makala pambali pake. Pamenepo munthu ungaponde mafuta?

Wofuna kudziwa mphamvu za galimoto yake apite koyenera. Ku Zwartkops, bwalo la mpikisano wa galimoto kufupi ndi Pretoria, amakhala ndi masiku oti eni galimoto alowe m'bwalo, ndipo aliponso alangizi ophunzitsa kumanga mabuleki mwadzidzidzi ndi kuwongola galimoto ikayamba kutsetsereka. Kyalami, bwalo la makilomita 4.5 komwe mpikisano waukulu wa galimoto wa Formula 1 udachitikako komaliza mu 1993, ili chapafupi pomwepo. Ine ndingakonde tiyambire kwa alangizi, liwiro pambuyo.

Pobwera, onani matayala, mabuleki ndi mafuta ake; awa amawira msanga akakalamba. Helemeti ndi yofunika. Tikambirananso za mapasipoti, mapepala a galimoto odutsira pa Mwanza ndi Beitbridge, komanso zosonkha.

Akuluakulu, chonde tisunge nthawi.