Lipoti la ulendo wa ku Florida kwa aphunzitsi a sayansi a m'boma la Mangochi

A Tcheyamani, a komiti, ndi inu nonse aphunzitsi anzanga, ndabwerako bwino. Tikiti ya ndege analipira amene anakonza msonkhano, koma ya viza, ya basi yopita ku Lilongwe ndi kamba wa panjira munasonkha ndinu, ena mpaka kutapa m'thumba la ndiwo. Zikomo kwambiri. Malisiti onse ali kwa a Msungichuma, pamodzi ndi mapepala a zokambirana za m'chipinda, kuti aliyense akawerenge pa nthawi yake. Pano ndifotokoza zimene munandituma kuti ndikaone ndi maso anga ku Florida, ku America: maroketi ndi za maulendo a kumlengalenga.

Tsiku loyamba anatitengera ku Kennedy Space Center, malo oulutsirapo maroketi. Malowo ndi madambo okhaokha, ndipo m'ngalande za m'mbali mwa msewu munali zilombo zonga ng'ona zikuwothera dzuwa, moti ndinakumbuka gombe la Shire. M'nyumba ina yaikulu agonekamo roketi ya Saturn V, mtundu umene unanyamula Neil Armstrong, Buzz Aldrin ndi Michael Collins kupita kumwezi pa 16 July 1969. Kutalika kwake ndi mamita 110, kuposa bwalo la mpira. Ndinaiyenda kuchokera kumchira kukafika kumutu. Kumchira kuli injini zisanu, iliyonse kukamwa kwake munthu atha kuimamo chilili osagunda. Koma kumutu, kachipinda kamene munkakhala anthu atatuwo n'kochepa ngati m'kati mwa galimoto. Pafupifupi thupi lonselo ntchito yake inali kunyamula mafuta okankhira kachipinda kameneka.

Roketi imene tinkayembekeza inali Falcon 9 ya kampani ya SpaceX, yonyamula masetilaiti a Starlink, omwewa amene intaneti yake inafika kuno mu 2023. Munalibe anthu, koma ndi mtundu womwewu umene umanyamula anthu m'chombo cha Dragon kuyambira mu May 2020. Madzulo tinapita ku Titusville, m'mbali mwa Indian River, pamene anthu amasonkhana ndi mipando yawo ndi ana awo. Tinadikira maola ambiri, udzudzu ukutidya. Kutatsala mphindi zochepa anaimitsa zonse chifukwa cha mitambo ya mphezi. Ine mtima unagwa, poganiza kuti ndibwerera kumudzi chimanjamanja. Koma eni dera anangopinda mipando yawo n'kumapita, wopanda wodandaula. Ndi momwe amachitira asodzi a ku Makanjira mwera ukavuta: boti limagona pamtunda ngakhale usipa uli pamtengo wabwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Usiku wotsatira inanyamuka. Chimene chinayamba ndi kuwala, ngati dzuwa lasokoneza nthawi n'kutuluka usiku, mpaka madzi onse a mtsinje anasanduka ofiira ndipo ndinatha kuona nkhope za anthu amene ndinali nawo. Phokoso kunalibe. Moto unkakwera pang'onopang'ono kuli zii. Ndinayamba kuwerenga masekondi, monga timawauzira ana a Fomu 2 kuti aziwerenga pakati pa chiphaliwali ndi bingu, ndipo mphindi yathunthu inadutsa. Kenako linafika: kugunda kwa pansipansi kosaleka, kothetheka ngati nsungwi zikupsa, kumveka m'chifuwa kuposa m'makutu. Phokoso limayenda kilomita imodzi pa masekondi atatu, ndiye kuti tinaima pa mtunda woposa makilomita 20. Phunziro limeneli ndaliphunzitsa zaka zambiri ndi choko, koma usiku umenewo ndinalimva m'nthiti, ndipo misozi inalengeza.

Patatha mphindi ziwiri ndi theka moto unazima, kenako kunayaka kena kakang'ono. Apo n'kuti gawo la m'munsi, la injini 9 zoyaka palafini woyengeka ndi okosijeni wamadzi, litasiyana ndi la pamwamba. Gawo la m'munsilo silitayika. Tinalionera pa foni likutera choimirira pa chombo chafulati pakati pa nyanja, pasanathe mphindi 9 chinyamukireni. Amakalikonza n'kuliulutsanso, ndipo n'chifukwa chake maulendowa achuluka chonchi.

Ndinafunsa chifukwa chake amaulutsira ku Florida. Dziko limazungulira cha kummawa, ndiye roketi yolowera kummawa imapatsidwa liwiro laulere, makamaka ikakhala pafupi ndi ikweta; komanso kummawa kwa Florida kuli nyanja ya Atlantic, kumene zidutswa zingagwe osapweteka munthu. Malowo ali pa madigiri 28 kumpoto kwa ikweta, pamene Mangochi ali pa madigiri 14 kummwera. Ife tili pafupi kuposa iwo, kungoti kummawa kwathu kuli midzi ya Namwera ndi Mozambique. Ku Africa kuno masetilaiti anaulutsidwapo: a ku Italy ankachita zimenezi kuyambira 1967 mpaka 1988 pa nsanja ya San Marco, panyanja pafupi ndi Malindi wa ku Kenya, osati wathu wa kutsidyayu.

Za tsogolo la maulendo a anthu kumlengalenga tinakambirana tsiku lathunthu. Chiyambire Yuri Gagarin, munthu woyamba kupita kumlengalenga, mu 1961, anthu 12 okha ndi amene anaponda pamwezi m'maulendo a Apollo, omaliza mu December 1972. International Space Station, siteshoni yozungulira dziko mmene anthu amakhala n'kumachita kafukufuku, sinakhalepo yopanda munthu kuyambira November 2000, koma yakalamba, ndipo pulani ndi yoigwetsera m'nyanja chaka cha 2030 chikadutsa. China ili ndi siteshoni yakeyake, Tiangong, imene inatha kumangidwa mu 2022, ndipo inalengeza kuti ikufuna anthu ake aponde pamwezi pofika 2030. India ikukonza chombo chake cha Gaganyaan. America nayo ili ndi pulogalamu ya Artemis: ulendo woyamba unazungulira mwezi wopanda anthu mu 2022, ndipo pa anthu anayi amene anasankhidwa mu 2023 kuti akwere wachiwiri panali mayi, Christina Koch, ndi munthu wakuda, Victor Glover.

Za ulendo wopita ku pulaneti ya Mars ndikupemphani kuti tisamawanamize ana kuti ndi zamawa. Ulendo wopita kokha ndi wa miyezi yoposa 6. Thupi likakhala kopanda kulemera mafupa amafooka, n'chifukwa chake a pa siteshoni amachita masewera olimbitsa thupi maola awiri tsiku lililonse. Madzi amamwa omwewo obwezeretsa, ochokera ku thukuta ndi mkodzo womwe. Ndipo ngozi ilipo: zombo za Challenger mu 1986 ndi Columbia mu 2003 zinapha anthu 7 chilichonse. Mwa a Challenger munali mphunzitsi mnzathu, Christa McAuliffe, amene anakonza zophunzitsa ana ali kumwambako. Ku Kennedy ndinaima nthawi yaitali pa mwala wakuda pamene analembapo maina a amene anamwalira.

Mphunzitsi wina pamsonkhanopo anafunsa funso limene ndikudziwa kuti a Mayi Wachiwiri kwa Tcheyamani andifunsa: kutumiziranji anthu, pamene makina amagwira ntchito motchipa, ndipo ana athu akuphunzira pansi pa mtengo? Ali ndi mfundo. Zimene zimatithandiza ife, monga zithunzi zimene zinaonetsa namondwe Freddy akubwera mu March 2023, zimachokera ku masetilaiti opanda munthu. Koma ndinaona kamtsikana ka zaka ngati 8 kali pa mapewa a bambo ake, kakuwerenga chobwerera m'mbuyo pamodzi ndi wailesi, ndipo kanali kakudziwa kale dzina la gawo lililonse la roketi. Mwana amakopeka akamva kuti kumwambako kuli munthu ngati iye, amene amadya, kugona ndi kusowa kwawo. Akakopeka amayamba kufuna masamu. Okwera ndi ochepa, koma pansi pamatsala zikwi za owotcherera zitsulo, a zanyengo, madokotala ndi a makompyuta. Bungwe la African Space Agency linatsegulidwa ku Cairo mu 2025, ndipo lidzafuna anthu otere. Ndikufuna ena mwa iwo adzachokere ku Monkey Bay ndi ku Chilipa.

Tsono pempho langa ku komiti silifuna ndalama zambiri. International Space Station ija imadutsa pamwamba pa Mangochi, pa mtunda wa makilomita 400, pafupifupi ulendo wa ku Blantyre kupita ndi kubwera. Imazungulira dziko pa mphindi 90, ndipo imaoneka ndi maso dzuwa litangolowa kapena m'bandakucha, ngati nyenyezi yowala yoyenda mosaphethira. Nthawi yake imapezeka pa foni kwaulere. Ndikupempha kuti teremu ino sukulu iliyonse isankhe madzulo amodzi, makolo atauzidwa, ana aimirire pabwalo aione, makamaka atsikana amene timawataya akafika Fomu 3. Ndabweranso ndi njira yopangira roketi ya botolo la pulasitiki, madzi ndi pampu ya njinga. Amene abwere ku msonkhano wathu wotsatira atenge mabotolo awiri opanda kanthu. Pampu ndibweretsa yanga.